Injini Yozizira ya a Lamson

A Lamson Matewere anafika ku Perth, mzinda wa kutali kutsidya kwa nyanja, mu Febuluwale 2020 ndi sutikesi imodzi ndi jekete la ku tchalitchi, ati adzacheza miyezi itatu kwa mwana wawo Dora, namwino wa pachipatala china mumzindamo. Akazi awo, mayi Callista, anatsala ku Balaka. Anakana kwamtuwagalu kusiya chimanga m'munda, ati aganyu a masiku ano amakolola matumba awiri n'kukuonetsa limodzi. Anagwirizana kuti adzatsatira mu Epulo nkhokwe ikadzaza. Nkhokwe inadzazadi, koma pofika Epulo mliri unali utatsekesa malire ndipo ndege zinali zitaima. Zitayambiranso mwa apo ndi apo, Dora anatemetsa nkhwangwa pamwala kuti bambo ake, munthu wa zaka 74 wothamanga magazi, sangabwerere kumudzi n'kukhala masiku awiri m'mabwalo a ndege pakati pa anthu otsokomola. Miyezi itatu ija inasanduka chaka.

Tsono munthu amene wagwira ntchito ya njanji zaka makumi anayi sumukhazika pasofa. A Lamson anayamba ali mnyamata, akuthira malasha m'ng'anjo za injini za nthunzi. Zitatha za nthunzizo analowa m'shedi ku Limbe n'kukhala fitala, wokonza injini, mpaka kupuma. Ku Balga, dera la ku Perth komwe kunali nyumba ya lendi ya Dora, manja ankawayabwa. Anasesa kuseri kwa nyumba mpaka mchenga unatopa nawo, anakonza mpopi womwe sunali wowonongeka, ndipo Dora akabwera kuntchito ankapeza mipeni yonse yanoledwa.

Chipulumutso chinabwera mu Meyi, sabata imene anthu amatulutsa katundu wakutha n'kumuunjika m'mbali mwa msewu kuti galimoto ya khonsolo idzatenge. Mzungu wina wokalamba wa nyumba yachitatu, a Jones, anali atatengedwa kupita kunyumba yosungirako nkhalamba, ndipo ana ake anakhuthulira galaja yonse panja. Pakati pa matiresi ndi mipando yothyoka, a Lamson anaona njanji. Zinali tinjanji ta mkuwa, totalikirana zala ziwiri, tomangidwa mtolo ngati nzimbe. Pansi pake panali mabogi atatu ofumbwa madenga, ndi injini. Injiniyo kutalika kwake kunali kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, koma kulemera ngati tambala wonenepa. Atayitembenuza anaona kuti sichinali chidole cha mabatire ayi. Inali ndi boyila yeniyeni ya mkuwa, mapisitoni aakulu ngati chala chachikulu, geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi, ndi kathanki ka sipiriti kokhala ndi zingwe zitatu zoyatsa ngati za nyale. Anatuta zonse maulendo anayi pa wilibala. Dora anadandaula kuti anthu aziti Amalawi ayamba kutola kudzala, koma bambo ake anali kale ndi sipanala m'manja.

Injiniyo inali itaona zakuda. Boyila inkadontha, pisitoni imodzi inali itauma ndi dzimbiri, ndipo wina wopanda nzeru anamata paipi ya nthunzi ndi mtovu wa ziwiya, wosungunuka ndi moto wa kandulo womwe. A Lamson anamutukwana munthu ameneyo masiku awiri osamudziwa. Anaphwasula zonse, n'kuyala tizitsulo pathawulo m'ndondomeko yake. Zomwe zinasowa Dora ankaitanitsa pa intaneti, zina mkuluyo ankasula yekha ndi tupa pa vayisi yopanira zitsulo. Ndipo popeza injini yobiriwira ya Chingelezi sinkawauza kanthu, anayipala penti yonse n'kuyipenta yakuda bii, anayiika nyali imodzi yaikulu kutsogolo ndi chitsulo chokankhira ng'ombe, kuti ifanane ndi imene iwo ankathira malasha. Kuseri kwa nyumba anayala njanji mozungulira mtengo wa mandimu, pamiyala yomwe anaphwanya okha ndi hamala, n'kumanga kasiteshoni ka malata a zitini za nsomba. Pachikwangwani analemba kuti Nkaya.

Dzinalo silinali longolota. Pa Nkaya ndi pamene mtsikana wina ankagulitsa nzimbe mu 1968, ndipo mnyamata wothira malasha ankagwetsa dala chibuma cha malasha pafupi ndi dengu lake kuti kwawo akaphikire. Sitima ikamachoka, ankapempha dalaivala kuti amulole kukoka chingwe cha wenzulo, kawiri motalika kenako kamodzi mofupika. Mudzi wonse unadziwa kuti kulira kumeneko n'kwa Callista, iye mwini asanavomere n'komwe.

Tsiku lililonse wani koloko masana, kumudzi ili seveni m'mawa, ankaimbirana foni ya kanema. Mayi Callista ankaiimika pa ndowa n'kumasola nyemba uku akumva za mapisitoni. Atamva kuti bogi imodzi akuisintha kukhala ya kalasi yachitatu, ya mabenchi a matabwa ngati imene anakwera atangokwatirana, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Anapempha kuti aione. A Lamson anakana, ati injini ikadali m'chikuta, ndipo mwana wa m'chikuta saonetsedwa kwa anthu.

Apa m'pamene panali vuto la mkuluyu, ndipo ndinene mosabisa, anali ouma mutu. M'shedi ku Limbe anaphunzitsidwa kuti injini siituluka pakhomo fitala asanakhutire ndi nati iliyonse, ngakhale bwana wa siteshoni atalira misozi ya magazi. Lamulo limenelo linapulumutsa anthu panjanji yeniyeni. Koma iwo analitenga n'kubwera nalo kuseri kwa nyumba ya lendi, kwa sitima yomwe ikanagubuduzika ikanangopha nyerere. Mu Novembala anayiyatsa koyamba ali okha, Dora ali kuntchito, ndipo inazungulira mtengo wa mandimu kasanu osaphonya. Sanauze munthu. Anamva nthunzi ikuphwisa pang'ono pa valavu n'kuyiphwasulanso. Valavu itakhala bwino, mabenchi a m'bogi anali asanathe, chifukwa ankawapala ndi timitengo topondereza lilime tomwe Dora ankabweretsa. Mabenchi atatha, penti ya mawindo sinawasangalatse. Pa Khirisimasi ati kwatsala kachidole ka mtsikana wa nzimbe koimika pasiteshoni, komwe dengu lake linkakana kukhala pamutu.

"Bambo a Dora," anatero mayi Callista tsiku lina, "zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine sindikufuna penti. Ndikufuna ndione ikuyenda, ndimve wenzulo wanga basi."

A Lamson anayankha kuti fulumira adadya gaga, ndipo onse anaseka. Mwamuna ndi mkazi akakalamba limodzi amaponyerana miyambi ngati mpira wachikulunga, palibe amene amaganiza kuti tsiku lina wina adzapambana.

Mu Januwale mliri unabwerera ku Malawi ndi ukali. Foni ya Dora inkangolira mauthenga a maliro, lero mphunzitsi wake, mawa mkulu wa mpingo. Ku Perth anthu ankapita kunyanja opanda ngakhale masiki, ndipo a Lamson ankachita manyazi ndi mtendere umenewo. Anawaletsa akazi awo kupita m'maliro. Koma anamwalira mnansi amene anawathandiza kukolola, ndipo mayi Callista sakanakhala m'nyumba anzawo akulira kuseri kwa mpanda. Patatha sabata anayamba kutsokomola. Ati ndi chimfine cha mvula. Patatha masiku ena anayi mwana wawo wamwamuna, Goodwill, anawanyamula pagalimoto yobwereka kupita nawo ku Blantyre, ndipo anawalandira m'tenti ya odwala mliri, kumene wachibale saloledwa kulowa. Foni yawo inatsala m'chikwama chawo, chimene Goodwill anabwerera nacho.

Masiku atatu a Lamson sanamve mawu a akazi awo. Wani koloko ikakwana ankangokhala pampando foni ili pabondo. Anachita mantha, mantha enieni, ndipo usiku ndi usana kachidole ka nzimbe kanali m'thumba la shati. Dengu linali litakhala pamutu tsopano, ndi dontho limodzi la guluu.

Dora anasakasaka mpaka anapeza Lilly, mnzake wa kusukulu ya unamwino, amene ankagwira ntchito m'tentimo. Lolemba Lilly anatumiza uthenga. Sanabise: mpweya wa amayi ukutsika, ndipo masilinda a mpweya ndi ochepa. Anati Lachiwiri teni koloko m'mawa adzakulunga foni yake m'pulasitiki n'kulowa nayo, mphindi zisanu zokha. Anawonjezera kuti amayi akangochotsa chopumira pamphuno akumafunsa za sitima inayake, kaya ndi kubwebweta kaya. Dora anawerenga uthengawo mokweza, ndipo bambo ake anadzuka n'kupita kushedi.

Teni koloko ya kumudzi ndi folo koloko masana ku Perth. Anali ndi tsiku lathunthu lokonzekera, ndipo analigwiritsa ntchito monga fitala. Anapukuta njanji yonse ndi kansalu, anathira mafuta m'mawilo, anadzaza boyila ndi madzi amvula omwe ankasunga m'botolo, anadula zingwe zoyatsa kuti zilingane. Koma sabata imeneyo Perth inali pa mavuto awiri. Lamlungu boma linali litatsekera anthu m'nyumba masiku asanu chifukwa cha munthu mmodzi amene anapezeka ndi kachilombo. Ndipo Lolemba moto unabuka kumapiri a kum'mawa. Pofika Lachiwiri m'mawa dzuwa linali lofiira ngati bala, mphepo yotentha ikuwomba kuchokera kumotoko, ndipo phulusa linkagwa pa Balga ngati gaga wopeta. Wailesi inkawerenga nyumba zopsa.

Dora anabwera kuchokera kuntchito maso ali psu, masiki ili pachibwano. Atawaona bambo ake akuthira sipiriti m'kathanki, anaima pakhomo. Anawafotokozera kuti lero kuli chiletso cha moto, palibe wololedwa kuyatsa chilichonse panja, ngakhale kuwotcha nyama, ndipo wogwidwa amatha kupita kundende. Anawalozera kuseri kwa mpanda, kumene kunali thengo la udzu wouma lofika m'chiuno, kenako nyumba za anthu. Injini ya sipiriti ikapendekeka pakona imataya moto wosaoneka ndi maso masana. Izi a Lamson ankazidziwa kuposa iye.

"Adadi," anatero Dora, "mukayatsa, ine ndiyang'ana kumbali. Ndi amayi anga. Koma musankhe ndinu."

Anakhala pa njerwa ndi bokosi la machesi m'manja kuyambira thu koloko. Anakumbukira chaka china cha chilimwe pamene nthethe ya injini yawo inagwera pa udzu kufupi ndi Utale, n'kupsereza nkhokwe zisanu ndi ziwiri ndi mbuzi zili m'khola. Iwo anaona utsiwo ali pa injini, sitima osaima. Phulusa linagwera pamkono pawo, lotuwa, lopepuka, ndipo anaganiza kuti mwina ndi denga la munthu. Anatsegula bokosi, anatulutsa kamtengo, anakabwezera. Anatero katatu. Itatsala pang'ono kukwana folo anapereka machesiwo kwa Dora n'kumuuza kuti akawabise kumene iwo sangawapeze.

Anamuuza mmene agwirire foni: pansi penipeni, moyang'ana kutsogolo kwa injini, kuti dzanja lisaoneke. Anavula nsapato, anapinda thalauza, n'kugwada pamiyala.

Foni inalira folo koloko itangopitirira. Poyamba panaoneka denga la tenti ndi nkhope ya Lilly yobisika m'magalasi ndi masiki, kenako pilo. Mayi Callista anali atachepa. Tsitsi lomwe ankalibisa m'duku zaka zonse linali pamtunda, loyera, ndipo chifuwa chinkakwera ndi kutsika mothamanga ngati cha nkhuku yothamangitsidwa. Dora anawapatsa moni n'kutembenuza foni.

A Lamson anaika zala ziwiri kumbuyo kwa bogi yomaliza n'kuyamba kukankha. Injini yakuda inachoka pansi pa mtengo wa mandimu, nyali patsogolo, ndodo za mawilo zikupalasa bwinobwino. Iwo ankakwawa pambuyo, miyala yomwe anaphwanya okha ikuwalasa m'mawondo, Dora akubwerera chambuyo atawerama. Inadutsa pakamlatho, inakhota. Dora anayandikitsa foni pawindo la bogi kuti mabenchi aoneke. Itafika pa Nkaya, pamene kamtsikana kanaima ndi dengu la nzimbe pamutu, mkuluyo anaimitsa sitima, ananyowetsa milomo, n'kuimba likhweru, kawiri motalika kenako kamodzi mofupika. Likhweru lachitatulo linatuluka mpweya wokhawokha.

Kenako kunamveka pulasitiki ikukhwekhwereza, Lilly akuwakweza chopumira.

"Bambo a Dora."

"Ndili pano, mayi."

"Injini yanu ndi yozizira."

Mkazi wa munthu wa njanji sungamunamize. Zaka zambirimbiri anachapa maovololo onunkha malasha ndi dizilo, ndipo ankadziwa kuti injini yamoyo imatuluka thukuta m'mbali. A Lamson anayamba kufotokoza za chiletso, za mphepo, za moto wa kumapiri, mawu akugundana, koma mayiwo anatukula chala pang'ono monga ankachitira akafuna kuti munthu asiye zodzikhululukira.

"Mwaipenta bwino," anatero, akupuma pakati pa mawu. "Mabenchi ndi omwe aja. Mukadzayatsa mudzandiitane."

Lilly anabwezera chopumira n'kunong'ona kuti akuitanidwa bedi lina. Foni inathima. A Lamson anakhalabe chogwada mpaka Dora anawadzutsa ndi manja awiri, ndipo m'mawondo monse munali magazi ndi phulusa.

Mayi Callista anamwalira Lachinayi m'mamawa. Anaikidwa tsiku lomwelo, chifukwa maliro a mliri sankagona. Goodwill anajambula ali patali, pansi pa mtengo wa mango. Anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anatsitsa bokosi lokutidwa pulasitiki, wina akupopera mankhwala pa zingwe. Panalibe kwaya, panalibe amayi a chigwirizano amene iwo anawatsogolera zaka khumi ndi ziwiri. A Lamson anaonera pa foni atavala jekete la ku tchalitchi, atakhala pasofa. Amalawi a mumzindamo sakanabwera kudzakhuza chifukwa cha lamulo lotsekera anthu m'nyumba lija, moti anangosiya miphika ya chakudya pageti n'kuimba foni ali m'galimoto. Mkuluyo sanalire, ndipo Dora anachita mantha ndi kusalirako.

Kumapeto kwa sabata mvula inagwa, moto wa kumapiri unagonja, chiletso chinachotsedwa. A Lamson sanapite kushedi. Injini inakhala pa Nkaya pomwe anaisiya, ikunyowa, munthu amene kale ankaifunditsa thawulo osaiyang'ana n'komwe.

Lamlungu masana Dora anawaitana kukhitchini kuti amweko tiyi, popeza kuyambira Lachinayi ankangolawa chakudya. Anakhala patebulo. Dora anaika ketulo pachitofu n'kupotokola, ndipo moto wa gasi unayaka, wobiriwira, mozungulira. A Lamson anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa, mwa mawu otsika, ngati Lachiwiri lija anaphika.

Dora anati inde, anaphika mpunga, womwe iwo anaukana.

Anafunsanso ngati chiletso chija chinkaletsa moto wa m'nyumba.

Dora anatsegula pakamwa kuti ayankhe, n'kugwira pakamwapo ndi dzanja. Chiletso chinali cha panja pokha. Injiniyo ikanakhala pa sinki, pa njerwa ziwiri, mawilo ali m'malere, mpopi uli pomwepo. Ikanatuluka thukuta, mawilo akanazungulira okha, wenzulo akanalira. Dora tsiku lija anali ndi tulo ta masiku atatu ndi mayi wodwala m'mutu. Koma bambo ake anali ndi maola onse aja pa njerwa, machesi ali m'manja, ndipo ganizolo silinawadutse ngakhale kamodzi. Kwa munthu wa njanji injini imayatsidwa ili panjanji, ndipo moto wa injini sulowa m'nyumba ya anthu. Palibe amene anawaphunzitsa zina.

Anadzuka n'kutuluka pamvula opanda nsapato. Anabwera atayifukata, madzi akudontha, ndipo anaipukuta ndi thawulo la mbale. Anaika njerwa ziwiri mu sinki n'kuikhazika. Madzi anali m'boyila kuyambira Lachiwiri, sipiriti yokha ndiyo anawonjezera. Anatambasula dzanja, ndipo Dora anatsegula kabati ya pamwamba n'kutulutsa machesi kuseri kwa chitini cha shuga.

Zingwe zitatu zinagwira moto ndi kamtengo kamodzi. Anaima awiriwo akumva madzi akuyamba kung'ung'udza m'boyila. Muvi wa geji unanyamuka, n'kumakwera pang'onopang'ono. Panalibe podontha, valavu sinaphwise, ndipo a Lamson anadziwa kuti inali chomwechi kuyambira Novembala. Anatsegula nthunzi ndi chala. Injini inalavula madzi otentha kawiri, mawilo anagwedezeka, kenako anayamba kuthamanga okha, chikuchiku, m'mbali mukutsika thukuta, fungo la mafuta otentha litadzaza khitchini. Pa wotchi ya pakhoma panali patadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri.

Anatulutsa foni m'thumba n'kuiimika pa botolo la sopo, moyang'ana injini. Anasakasaka ndi chala mpaka anapeza dzina la akazi awo, ndipo Dora sanawaletse. Inaitana, inaitana, kumudzi m'chikwama chimene Goodwill anali asanalimbe mtima kutsegula. Ikuitana choncho, a Lamson anakoka kawaya ka wenzulo, kawiri motalika kenako kamodzi mofupika. Kulira kwake kunali kwakuthwa, kwakukulu kuposa kainjiniko, ndipo galu wa anansi anayamba kuuwa.

Foni inasiya kuitana yokha. Mkuluyo anagwira m'mphepete mwa sinki ndi manja onse awiri, ndipo m'pamene analira.